Wolowa Kunsi kwa Galimoto

Galimoto inagwedezeka pamene ndinaimenya ndi chikhatho padenga. Ndinali ndikuuza mlendo wanga za dziko lina lozizira kumene zala zimamatirira ku chitsulo.

"Kumeneko, bwana, ndinaphwasula basi yathunthu masiku awiri. Ndekha, ndi manja awa."

Ndinamenyanso kachiwiri kuti mawuwo akhale pansi bwino. Galimotoyo inalibe matayala. Mbali imodzi inali pa jeke, mbali inayo pa milu ya njerwa imene ndinasanja ine mwini m'mawa womwewo. Njerwa imodzi inasweka. Galimoto inatsika pang'ono, mwina utali wa chala, n'kuima. Kunsi kwake kunamveka beseni likugubuduka, kenako kunangoti zii.

Mlendoyo anali wogula zitsulo wa kampani yozisungunula, munthu wa malaya oyera ndi nsapato zonyezimira. Anayang'ana pansi n'kuona jombo ziwiri zazing'ono zitatulukira kunsi kwa chitseko.

"Kodi kuli munthu kunsiku?"

"Ndi amayi a kunyumba," ndinatero. "Amathandizako pang'ono."

Jombo zija zinayamba kusuntha. Kunatuluka mawondo, kenako ovolosi, pomaliza mutu. Oyilo wakuda wa beseni lonse anali atawakhuthukira kumaso, m'khosi ndi m'tsitsi limene anali atalukitsa dzulo lake. Maso okha ndi amene ankaoneka oyera. Sanakalipe. Akazi anga sakalipa, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka akanakalipa. Anaimirira, anapukuta sipanala pa ntchafu ya ovolosi, ananditambasula chikhatho n'kuiika mmenemo.

"Takulandirani, bwana," anauza mlendo mwaulemu wonse. Kenako anatembenukira kwa ine. "Manja aja ndi amenewo, aNdinaonako, sipanala ndi iyo. Ine ndatuluka. Kunsi kwa galimoto zanu sindigonakonso."

Dzina limenelo anandipatsa ndi anthu, ndipo sindilikana, chifukwa ndinaonakodi. Ndinachoka kwathu ndi malaya amodzi ndi supuni m'thumba. Ndayenda maiko asanu ndi awiri, pa lole, pa sitima ya pamadzi, kwina wapansi. Ndagona pa madoko pakati pa zitsulo zounjikidwa ngati mapiri, ndaphunzira kutukwana m'zinenero zinayi, ndipo ndinabwerera ndi nzeru imodzi yokha yolemeretsa munthu: galimoto yakufa ndi yokoma kuposa yamoyo. Yamoyo imakudya tsiku ndi tsiku. Yakufa umaidya iwe. Lero bwalo langa la zitsulo zakutha limaoneka munthu akadali pa mphambano, ndipo palibe mwini galimoto yofera kuseri kwa nyumba amene angapirire lilime langa kwa ola lathunthu osaigulitsa.

Koma galimoto yakufa suifikira ndi moto poyamba. Ili ndi magazi ake asanu: petulo, oyilo wa injini, oyilo wa giyabokosi, mafuta a mabuleki ndi madzi obiriwira a mu rediyeta. Onsewa ayenera kukhetsedwa, aliwonse mu mgolo wakewake. Oyilo amagula akalipentala opaka mitengo kuopa chiswe, petulo timasefa n'kuthira mu jenereta. Zikatero ndi pamene alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amayatsa gasi n'kuyamba kudula. Ine ndimasankha kopa, aluminiyamu ndi chitsulo wamba, chilichonse pa mulu wake, n'kukakangana ndi a pasikelo.

Ntchito yokhetsa ija imachitikira kunsi, munthu atagona chagada pa katoni. Zaka zoyamba ndinkalowako ndekha. Kenako bizinesi inakula, ndipo mimba yanga, imene ili yokhulupirika, inakulira limodzi nayo. Tsiku lina akazi anga anavala ovolosi yanga yakale, anaipinda miyendo katatu, analowa. Panali patapita zaka khumi ndi chimodzi kuchokera tsiku limenelo.

M'mawa mwake anavala diresi. Anandipangira tiyi monga mwa masiku onse, anandikumbutsa mankhwala anga, kenako anatenga kachikwama.

"Mukupita kuti, mayi?"

"Kwa mng'ono wanga, kushopu yake yosoka zovala. Wakhala akundiitana kuyambira kalekale."

"Inu kusoka? Manja odziwa giyabokosi akagwire singano?"

"Makina osokera sagwera munthu pachifuwa, bambo."

Ndinaseka kwambiri kuti aone kuti sizinandikhudze. Ndinawauza kuti pofika Lachitatu adzakhala atasowa fungo la dizilo. Anangondikonza kolala n'kutuluka.

Kunyumba zonse zinali bwino, ndipo n'zimene zinandipweteka. Munthu akakukwiyira umadziwa pomugwira. Iwo ankaseka nthabwala zanga, ankandisiyira madzi otentha, koma bwalo la zitsulo analifufuta mumtima ngati choko. Ndipo bwalolo popanda iwo linasanduka manda. Sindinkadziwa kuti ndinazolowera kulankhula ndi galimoto imene imayankha. Ndikamauza kasitomala za basi ya masiku awiri, kunsi kunkachokera mawu ofatsa akuti, "Chaka chatha anali masiku atatu." Ndikati mafunde anali aatali ngati nyumba zinayi zosanjikizana, mawuwo ankati, "Ikukula nyanjayi." Makasitomala ankaseka, ine ndinkanamizira kukwiya, malonda ankatheka. Tsopano ndinkamaliza nkhani n'kudikira, koma kunsi kwa galimoto kunali fumbi lokha.

Alamu anga ndi munthu wowonda, wosalankhulalankhula, wa nsidze zopsa ndi moto. Anakhala pa tayala, gasi ali wotseka.

"Yatsani, alamu, tsiku likupita."

"Galimoto ya magazi sindiigwira. Ndili ndi nsidze zochepa kale."

"Ndiye tiigoneke chammbali. Ndinaonako padoko lina, amaigubuduza ndi tcheni, zonse n'kukhala poyera. Kulowa kunsi n'kwa anthu osayenda."

Tinaigubuduza. Chimene sindinaone padoko lija n'chakuti ankaigubuduza atakhetsa kale. Magazi onse asanu anatuluka nthawi imodzi, anasakanikirana, anayenda pabwalo ngati mtsinje wa mitundumitundu kulowera kuchipata. Alamu anazimitsa ndudu yawo m'kapu ya tiyi, n'kupita kukaima kutsidya kwa msewu. Tinatha tsiku lonse tikupala dothi ndi fosholo.

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero madzulo, akutsuka m'manja.

Choncho Lachinayi ndinalowa. Inali galimoto yobiriwira, yaing'ono, ya mphunzitsi wina wopuma pantchito. Ndinaikweza ndi jeke, ndinasanja njerwa zanga, ndinayala katoni. Alamu anagubuduza chipika cha mtengo chimene akazi anga ankalowa nacho nthawi zonse n'kumachiika pafupi ndi mutu wawo. Ine ndinkachitcha pilo ya a dona.

"Tengani ichi."

"Ine sindikukagona tulo kumeneko, alamu."

Ndinakoka mpweya, ndinabweza mimba, ndinadzikankha ndi zidendene. Mutu unalowa bwino, mapewa anavutako pang'ono, mimba inalowa ngati mlendo wosaitanidwa. Ndinafika pa thanki, ndinamasula paipi, petulo anayamba kudonthera m'beseni, wina paphewa panga. Ndinamva kukoma. Ndinayamba kale kukonza mmene ndikaifotokozere nkhaniyi madzulo. Kenako ndinafuna kusunthira ku injini, koma thupi linakana. Ndinayesa kubwerera, linakananso. Chitsulo cha lamba wanga chinali chitakola pa waya wa buleki, ndipo mpweya uja ndinaukoka polowa unali utabwerera kwawo, mimba yadzaza malo onse.

"Alamu."

"Ee."

"Zikuoneka ngati galimotoyi yatsika."

Alamu anagwada, anasuzumira, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimirira, ndipo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo zaka zonsezi: alamu anga akuseka. Anaseka mpaka mphamvu zinawathera, n'kutsamira galimoto.

Amene sanagonepo kunsi sangadziwe. Munthu akatsamira galimoto pamwamba amangoona ngati watsamira khoma. Kunsi, chitsulo chonse chimalira ngati bingu, dzimbiri limakuwazikira m'maso, ndipo umaona ndi maso ako njerwa zikupekesana, fumbi lofiira likuyoyoka m'mbali mwake. Njerwa zosanja ine. Zinali pafupi ndi khutu langa, ndipo ndinaona kuti yapakati inali yong'aluka kale. Pamwamba pa chifuwa changa panali chitsulo cholemera ngati ng'ombe ziwiri. Ine amene sindinaope namondwe pa nyanja yaikulu, ndinamva mawu anga akutuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

"Chokani pamenepo, alamu. Chonde. Musaigwire."

Kuseka kunatha. Alamu anagwadanso.

"Mwaona tsopano ntchito ya pilo ija?" anatero motsitsa. "Achemwali anga amaiika pansi pa chitsulo chachikulu, pafupi ndi mutu. Lolemba lija njerwa itasweka, galimoto inaima chifukwa inakhala pa chipikacho. Inu mumayesa inaima chifukwa cha ulemu?"

Ndinayang'ananso njerwa yong'aluka ija, alamu n'kupitiriza.

"Chaka choyamba anakupemphani dzenje loti aziimirira. Ndinalipo. Munati kumaiko kumene munayenda, amisiri enieni amagona pa katoni."

"Ndinatero ine?"

"Munawonjezanso nkhani ya basi."

Anafuna kupopa jeke, koma njerwa zinalira, ndipo ndinawaletsa. Anafuna kundikoka miyendo, lamba anandidula pakati. Pomaliza ndinamva akuimba foni, ndipo ndinadziwa amene ankamuimbira. Ndinawachonderera kuti aitane ozimitsa moto, apolisi, ngakhale wogula wa malaya oyera uja. Anayankha kuti foni yawo imadziwa nambala imodzi.

Kunsi kwa galimoto dziko lonse ndi mapazi. Ndinaona mapazi a nkhuku, mapazi a alamu akuyendayenda, kenako nsapato zakuda zafulati zimene ndinagula ine mwini. Zinabwera mofulumira kuchokera kuchipata, koma zitafika pafupi zinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ngati za munthu wongodutsa. Zinaima pafupi ndi jombo zanga.

"Odi kunsiko."

"Lowani, mayi," ndinatero, pofuna kusonyeza kuti mtima uli m'malo.

Ndinawamva akununkhiza.

"Petulo ameneyu akudontha kuyambira liti?"

"Kanthawi ndithu. Ntchito ikuyenda."

"Batire mwachotsa?"

Ndinali ndisanalichotse. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti batire ndilo loyamba, chifukwa waya mmodzi wokhudzana ndi chitsulo amatulutsa kamoto, ndipo kamoto kamodzi pa petulo n'kokwana. Ine mwini ndakhala ndikuphunzitsa anthu zimenezi pa malo omwera tiyi. Koma kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndikamafika pa galimoto, batire linkakhala lili kale pa shelefu.

"Achimwene, musasunthe phazi," anatero, mawu atasintha. "Machesi anu ponyani kutali. Bambo, manja anu akhale pamimba, musakhudze waya aliyense."

Ndinamva boneti ikutseguka mofatsa ngati chitseko cha chipinda cha wodwala. Galimoto sinagwedezeke n'komwe. Mabawuti awiri analira pang'ono, kenako batire linatera pansi kutali. Atatero anagubuduza chipika chija, anachikankha ndi phazi mpaka chinalowa pansi pa chitsulo, pafupi ndi khutu langa. Anauza alamu pomwe aike jeke wachiwiri ndi thabwa loti akhalepo. Zonsezi anachita osakweza mawu, ndipo sizinatenge nthawi yowiritsa madzi.

Kenako nkhope yawo inaonekera m'mbali, atagwada pa kansalu kuti diresi isade. Pakhosi panali tepi yoyezera, paphewa tiulusi toyera.

"Mwalowa bwanji ndi lamba, bambo? Kunsi salowa ndi lamba, kapena wotchi, kapena kunyada."

"Wotchi ndinavula."

Anapisa mkono wokha, m'manja muli sizasi yaikulu ya telala.

"Mayi, lamba ameneyu ndi wachikopa chenicheni. Ndinagula kutsidya kwa nyanja, kwa munthu wa diso limodzi amene..."

Sizasi inati khwe. Alamu anapopa kawiri, anagwira ngodya imodzi ya katoni, akazi anga inayo, ndipo anandisolola ngati thireyi ya mabanzi mu uvuni. Ndinatuluka ndikununkha petulo, dzanja limodzi litagwira buluku. Thambo sindinalionepo lalikulu chotero.

Akazi anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anandichotsa dzimbiri pa chikope ndi chala chaching'ono. 

"Bwererani, mayi," ndinatero. "Pano popanda inu sipakoma."

"Ndikudziwa kuti sipakoma. Kavuleni malayawo musanayandikire moto." Anapukuta sizasi. "Ndasiya diresi ya mkwatibwi pa makina."

Nsapato zakuda zija zinatuluka pachipata.

M'mawa mwake ndinagula piki. Ndinakumba pakati penipeni pa bwalo, ndekha, ndipo ulendo uno mawu akuti ndekha ndi oona, alamu angachitire umboni, chifukwa anakhala pa tayala masiku onse asanu ndi anayi akundionerera. Manja anga, amene anali atazolowera kuloza, anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, anatulukanso ena. Mimba inatsikako ndithu. Ndinasunga chinsinsi: sindinauze munthu aliyense kupatula wometa, mayi wogulitsa tiyi, akalipentala awiri ndi anthu amene ndinakwera nawo basi.

Koma dzenje lake, abale. Ndaona maenje a magalaja m'maiko asanu ndi awiri, ndipo lofanana nalo kulibe. Makoma a njerwa zootcha, zopakidwa simenti yosalala ngati tsaya la khanda. Masitepe asanu. Njanji ziwiri zachitsulo pamwamba zoyendapo matayala, zoti ngakhale njovu itatsamira sizingamve. M'khoma ndinasiya mashelefu asanu, beseni lililonse pake. Kuya kwake ndinayeza mosamala kwambiri. Ndinkaika thabwa pamwamba ngati mimba ya galimoto, n'kuimirira pansi, n'kukweza mkono. Ndinakumba mpaka pamene mutu wanga sunagundenso thabwa, ndipo dzanja linkafika bwino chigongono chitapindika pang'ono.

Tsiku lothira simenti pansi, alamu anasuzumira m'dzenjemo, anakanda pamene panali nsidze.

"Alamu, kodi mwaganizako zoti..."

"Alamu, inu dulani zitsulo. Maenje ndinaonako."

"Chabwino," anatero, n'kubwerera pa tayala lawo. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndinayesa ndi chifuwa.

Simenti itauma, Loweruka masana, tinakankhira pa njanji galimoto yoyera imene inali ikadali ndi matayala. Ndinasamba, ndinavala malaya abwino, ndinamanga buluku ndi chingwe, ndinapita kushopu kukawatenga. Sanafunse zambiri. Ndikuganiza kuti wometa anali atafika kale.

Anaima m'mphepete mwa dzenje nthawi yaitali. Anagwira njanji, anaigwedeza, sinasunthe. Kenako anakwinya diresi n'kutsika masitepe limodzi limodzi, ine ndili pambuyo. Pansi panali pozizira bwino. Anasisita khoma, anawerenga mashelefu ndi chala, anayang'ana m'mwamba. Mimba yonse ya galimoto inali pamwamba pathu, thanki, mapaipi, giyabokosi, zonse poyera.

"Zaka zonsezi ndinkaiona chidutswachidutswa, mphuno itagunda," anatero motsitsa. "Kani ndi yokongola chonchi."

Mtima wanga unadzaza dzenje lonse. Ndinatulutsa sipanala ija m'thumba, ndinawapatsa ndi manja awiri. Anailandira, anayang'ana bawuti ya oyilo, anakweza mkono.

Sipanala inathera m'malere. Anaima pa zala za kumapazi. Panatsalabe mpata wokwana chikhatho chathunthu. Akazi anga amandifika pachifuwa, ndipo ndakhala ndikudziwa zimenezi kuyambira tsiku la ukwati wathu.

Pamwamba, alamu anatsokomola n'kuchokapo.

Mkono unatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana bawuti, anayang'ana ine, anayang'ananso bawuti. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pa sitepe, misozi ikutsika, sipanala ili pamiyendo, mawu awo akuzungulira m'dzenje monse.

"Ndikwirira, mayi," ndinatero msangamsanga. "Ndithira miyala ndi simenti ina. Kapena ndikhoma bokosi loti muzikwerapo. Masiku awiri okha."

"Musakwirire kanthu." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Dzenje ili mwamuyeza mwini wake, ndipo lamukwana bwino. Achimwene, chotsani batire kumeneko, mutipatsire beseni la oyilo. Muonenso ngati ovolosi yanga ikadali pa msomali, ndiifuna Lolemba."

"Lolemba?" ndinafunsa.

"Ndisiye munthu wosadziwa batire yekha m'dzenje? Gwirani."

Anandibwezera sipanala. Anakwera pa sitepe yachiwiri, mutu wawo unafanana ndi wanga, beseni analinyamula ndi manja awiri patsogolo pawo. Ndinakweza mkono, sipanala inagwira bawuti bwinobwino. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse.

"Mukumanga, bambo. Mbali inayo."

Ndinatembenuza. Bawuti inalira, inafewa, ndinaimaliza ndi zala. Oyilo woyamba anatsikira m'dzanja langa, anadutsa pa chigongono, analowa m'malaya abwino aja mpaka kukhwapa, wozizira ngati njoka. Kenako anawongoka, n'kukhala chingwe chimodzi chakuda, chachitali, chotsika pakati pa nkhope zathu ziwiri mpaka pakatikati pa beseni.

"Musasunthe," anatero akazi anga, maso ali pa chingwecho. "Ndipo musalankhule."

Mwa malamulo awiriwo, ndinasunga limodzi.